Kapinga wa Eni Ake

Chimene chinandichotsa mu Lilongwe si njala ayi. Njala tinali titazolowerana nayo. Chinandichotsa ndi kuthamangitsidwa. Ku Mtsiliza tinasamuka nyumba za lendi mpaka ana anasiya kufunsa kumene tikupita, akangoona wilibala yaima pakhomo ankayamba okha kupinda mphasa. Landilodi wina anatitulutsa chifukwa mwana wake wakwatira, wina chifukwa choti ana anga akudzaza chimbudzi. Nditapeza kapuloti ku Chinsapo ndinaumba njerwa, n'kuotcha, n'kukumba maziko, mphamvu zanga n'kuthera pomwepo. Ndinauza mkazi wanga Nambewe kuti ndikupita ku Joni, ndipo ndikadzabwera tidzakhala ndi bwalo lathulathu, loti munthu adzuke m'mawa n'kusesa popanda wina womuuza tsiku lotuluka. Sindinkafuna galimoto kapena dzina. Ndinkangofuna bwalo.

Tsiku lonyamuka mwana wanga woyamba, Yamikani, anali asanafike ndi m'chiuno mwanga momwe. Za m'njira sindikumbukira zambiri, kupatula kutentha kwa ku Tete ndi mapazi otupa. Pachipata chilichonse cha m'malire tinkatsika ngati mbuzi za pamsika, wina n'kutiwerenga, wina n'kutitukwana, ife n'kumathokoza.

Amalawife kumeneko timadziwika ndi zinthu ziwiri, kusamala maluwa ndi kusayankha. Zonsezi ndinkazitha. Nditazungulira ndi maganyu kwa kanthawi, ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa dona wina wachizungu, wamasiye, wokhala yekha ndi agalu ake. Nyumba yake inayang'anizana ndi paki yaikulu ya mitengo, akatungwe a ana, kamtsinje, ndi kapinga wobiriwira ngati amachita kupaka penti. Donayo sanali woipa. Ankandipatsa tiyi m'kapu yangayanga imene inkakhala kumpopi wa panja, ankandifunsa za ana, ndipo nsapato za malemu mwamuna wake ndinazivala ine. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa Nambewe, nyumba n'kumakwera ku Chinsapo ine ndikuionera pa foni.

Ndinkagona m'chinyumba chakale cha nsanjika mkati mwa tauni, mmene chipinda chimodzi tinkachigawa ndi makatani. Kuseri kwa katani yanga kunali banja, ndipo ndinkadziwa mikangano yawo yonse kuposa ankhoswe awo. M'mawa wina kunabwera amuna ovala maovolosi, akuti nyumbayo yagulitsidwa. Anaponya matilesi athu pawindo. Ndinaima mumsewu ndi chikwama changa, n'kuseka ndekha kuseka kowawa, poona kuti ndayenda ulendo wonsewu kudzapeza za ku Mtsiliza zomwe zija.

Amene ananditola ndi Bambo Kamwendo a ku Ntcheu, mtchona wa imvi amene analowa m'dzikomo ali mnyamata. Nawonso anali a m'gadeni. Ankatsokomola kwambiri, ndipo chaka chilichonse ankalumbira kuti Khirisimasi ino akaidyera kumudzi.

"Tiyeni, achimwene," anatero. "Ndili ndi nyumba kwa mabwana, ya mphepo yabwino. Lendi yake ndi kudzuka m'mawa basi."

Nyumbayo inali tenti yong'ambika, yophimbidwa ndi pulasitiki yakuda, kumunsi kwa paki yomwe ija, pafupi ndi kamtsinje. Ukaima pakhomo pake unkaona denga la dona wanga. Ndinachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu, koma madzulo a tsiku lomwelo ndinali nditamanga yanga pambali pake.

M'pakimo munali anthu a mitundu iwiri. Kumtunda kunali eni dziko, otola mabotolo ndi zitini, ena osokonezeka ndi zosuta. Iwo ankangofika, kugona, kutaya zinyalala, mawa n'kusunthira pena. Kumunsi tinali ife, matenti owerengeka, tonse ogwira ntchito m'nyumba zomwe zinazungulira pakiyo. Masana tinkachapa zovala za eni nyumbazo ndi kudulira maluwa awo, madzulo ankatiyang'ana pamwamba pa mpanda ngati ndife afisi. Sindinganame, madandaulo awo ena anali oona. Utsi wa mbaula zathu unkalowa m'nyumba zawo. Zimbudzi za m'paki zinkatsekedwa dzuwa likamalowa, ndiye mukudziwa nokha zimene zinkachitika m'tchire. Kunyumba ina kunabedwa njinga, ndipo amayi anasiya kubweretsa ana ku akatungwe. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti wom'sitira malaya amagona kuti.

Pakati pathu panali Mayi Nasibeko, a ku Dedza, amene asanabwere ankakhala ku Kawale. Ankagwira ntchito yochapa ndi kusita. Anali aafupi, olankhula mokalipa ngakhale pokupatsa moni. Iwowa ndiwo anayamba kumanga tsache la timitengo.

"Ndife anthu ife, si nkhumba," ankatero. "Udzu mpaka pakhomo? Mukufuna njoka zidzatifundire bulangete?"

Anabwereka khasu kwa Bambo Kamwendo n'kulambula pakhomo pa tenti yawo, kapinga yense kuzula mpaka kuoneka dothi lofiira. Tonse tinatsatira, chifukwa kwathu khomo la udzu ndi khomo la mlesi. M'mawa uliwonse kunkamveka matsache, ndipo ukatuluka unkapeza mizere ya tsache yagona bwinobwino padothi. Ndinene zoona, phokoso limenelo linandichiritsa mtima. Ndinkadzuka ndikumva ngati ndili pakhomo. Mvula itagwa Bambo Kamwendo analephera kupirira. Anaunda mizere ingapo kuseri kwa tenti, n'kubzala chimanga ndi nthanga za maungu zimene anaitanitsa kwa thiransipota, amene amanyamula katundu pakati pa Joni ndi kwathu. Ndinawaseka kuti nanga Khirisimasi ija bwanji. Anayankha kuti apita akadya mondokwa.

Lamulungu tikachoka kopemphera tinali ndi mwambo wathu. Tinkabwerekana jekete imodzi yabwino, n'kupita pakati pa paki pamene kapinga anali wokongola, nyumba za eni zili kumbuyo, n'kujambulana zithunzi zotumiza kumudzi. Aliyense ankatero. Munthu sungatumizire ana ako chithunzi cha pulasitiki. Nambewe ankayankha kuti, "Koma ndiye pakhomo panu m'pokongola, bambo a Yami," ine n'kungoti zikomo.

Chimanga chitafika m'mawondo, dona anandipeza ndikudulira maluwa. Sankadziwa kumene ndinkagona, ndipo sanafunsepo. Anandiuza m'Chingerezi chake chofewa kuti anthu a m'dera atopa ndi za m'paki, ndipo Loweruka komiti yawo ibwera ndi munthu wa kukhonsolo kudzayendera, kuti aone okha mmene zinthu zilili. Ndinati, "Yesi, madamu," n'kupitiriza kudulira. Ndinkadziwa kuti tikachotsedwa pamenepo ndilibe kwina kolowera, ndipo nyumba ya ku Chinsapo inali isanafoleredwe.

Madzulo ndinauza anzanga. Bambo Kamwendo, amene anali ataona zambiri, anati tipasule matenti, tibise katundu, tsikulo tikakhale kwina.

"Anthu awa safuna kutiona," anatero. "Akapanda kutiona mtima wawo umakhala pansi. Kwa eni kulibe mkuwe."

Mayi Nasibeko anagwira m'chiuno. "Abambo, mwakhalitsa kuno mpaka mwaiwala khalidwe. Alendo akamabwera munthu amathawa? Amasesa. Akudandaula za uve, si choncho? Ndiye abwere adzaone ngati pano pali uve."

Ine ndinaima ndi Mayi Nasibeko, ndipo mpaka lero sindiona cholakwika pa zimene ananena. Tonse tinakula tikudziwa chochita akamabwera azaumoyo kapena bwana wamkulu. Umalambula mpaka kumsewu, umakumba dzenje la zinyalala, umamanga thandala la mbale, umandanda miyala n'kuipaka laimu. Pamudzi potero woyendera amagwedeza mutu n'kulemba zabwino. Bambo Kamwendo anatsokomola kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, bweretsani khasulo."

Sabata imeneyo tinagwira ntchito ngati tikukonzekera ukwati. Tikaweruka kwa mabwana tinkayamba yathu. Tinakulitsa bwalo, kuphatikiza makomo onse kukhala bwalo limodzi lalikulu loyera. Tinalambula kanjira kochokera kumsewu, miyala ya mumtsinje kuindanda mbali zonse, laimu wotsala kwa bwana wina kupaka. Tinamanga thandala. Kuseri tinakumba chimbudzi chakuya, n'kuchitchinga ndi masaka, n'kuika chivundikiro ndi chigubu chosambira m'manja. Bambo Kamwendo anapalira chimanga chawo. Lachisanu ndinaima kumapeto kwa kanjira kaja n'kuyang'ana, mtima unanyada. Chifikireni m'dzikomo ndinali ndisananyadirepo kanthu.

Loweruka kutacha, anzathu a kumtunda anali atalongedza kale zawo m'matilole a m'sitolo n'kusowa. Anangosiya mapepala ndi phulusa. Ife tinasamba, tinavala zoyera, n'kuima pabwalo lathu kudikira alendo. Mayi Nasibeko anandanda makireti oti akhalepo, ndipo anali atathyola nkhwani wanthete n'kumumanga bwino kuti apatse mtsogoleri wawo.

Anabwera gulu, ena ndi agalu. Kumtunda anangodutsa atagwira mphuno. Atafika pamiyala yathu yoyera anaima. Ine ndinkaganiza kuti agoma. Kenako mafoni anatuluka. Anajambula thandala, anajambula chimbudzi, anajambula mizere ya chimanga. Mayi wina wachikulire anawerama n'kugwira dothi limene tinasesa, misozi ili m'maso, n'kumafunsa anzake kuti kapinga wapita kuti, akuti ana ake anaphunzirira kuyenda pamenepo. Mayi Nasibeko anapita patsogolo, anapinda mawondo mwaulemu, n'kupereka nkhwani uja ndi manja awiri. Palibe anamulandira. Anakhala choncho manja ali m'malere mpaka ine ndinapita kukawagwira paphewa.

Bambo wina wamtali, amene ankaoneka kuti ndiye wapampando, analoza bwalo lonse n'kuuza wa kukhonsolo uja mokweza, ngati ife ndi mitengo yosamva.

"Aja a kumtunda ndi odutsa, tingawapirire. Koma awa sakudutsa. Onani, akumanga mudzi."

Pamenepo m'pamene maso anga anakumana ndi a dona wanga. Anandiyang'ana, anayang'ana nsapato za mwamuna wake kumapazi anga, n'kutembenuka kukoka galu wake. Sanandipatse moni, ndipo ine sindinam'patse. Atachoka, Bambo Kamwendo sananene kuti ndinakuuzani. Anangokhala pa kireti imodzi mwa zija, n'kuti, "Koma pakongola, anthuni. Zimenezo asatinamize."

Lole inabwera m'kati mwa sabata, m'mawa, matsache ali m'manja. Panali apolisi ndi amuna a maovolosi omwe aja. Anayambira kwa ife. Matenti, mabulangete, thandala, zonse anaponya m'lole. Chimanga anachipondaponda chisanamasule. Ine mapepala anga anali asanathe, ndiye anangondikankha kuti ndichoke. Bambo Kamwendo analibe chilichonse cholembedwa, ndipo anawakweza m'galimoto ya apolisi atavala nsapato imodzi. Anasuzumira pawaya n'kundiuza kuti, "Achimwene, Khirisimasi ija yakwana." Patapita miyezi ndinamva kwa thiransipota kuti anafikadi ku Ntcheu, koma anapeza onse owadziwa ali kumanda, ndipo chifuwa chija sichinawalole kuona mvula ina. Mayi Nasibeko ndinawaona komaliza akuthamangira lole, akukalipa kuti awabwezere tsache lawo. Sankalirira bulangete kapena mapoto, ankafuna tsache. A kumtunda aja anabwerera madzulo a tsiku lomwelo n'kugona pamalo awo akale, ndipo palibe anawakhudza.

M'mawa mwake ndinapita kuntchito, popeza ndinalibe kwina kopita. Dona anandipatsa tiyi m'kapu yanga. Za Loweruka sanazitchule. Anangoti komiti yasonkha ndalama zoti pakiyo ikonzedwe, ndipo iye wawauza kuti ali ndi munthu wodziwa kapinga kuposa aliyense m'deralo. Ndikukhulupirira kuti mumtima mwake ankaona ngati akundithandiza.

Ndinagwira ntchitoyo. Ndinakwirira chimbudzi chimene ndinakumba ndekha. Ndinatola miyala ya laimu n'kuibwezera mumtsinje. Ndinasalaza mizere ya Bambo Kamwendo, n'kutipula bwalo lonse limene tinkasesa. Kapinga wa kumeneko amabwera pa lole wopindidwa ngati mphasa, ndiye umangoyala, kupondaponda, n'kuthirira. Ndinayala pamene panali tenti ya Mayi Nasibeko, ndinayala pamene ndinkatsamira mutu wanga. Anthu odutsa ndi agalu awo ankandiyamikira kuti ndikugwira ntchito yabwino. Ndinkawada onse, ndipo ndinkawavulira chipewa. Kapingayo atagwira, dona anandiitana pakhonde n'kundiuza mwachisoni kuti sangathe kundisunganso, chifukwa anansi akulankhula za munthu wa m'paki kukhala ndi kiyi wa geti lake. Anandipatsa malaya ena a malemu kuti ndisapite chimanjamanja.

Zaka zotsatira sindikonda kuzikamba. Ndinagona pansi pa milatho, kuseri kwa magalaja, nthawi zina m'kachipinda ndikapeza ganyu yokhalitsa. Ndinaphunzira nzeru za anzathu a kumtunda: usasese, usabzale, usasiye chizindikiro choti pano pagona munthu. Ndinkatumizabe zimene ndinkatha, malata anakwera, mawindo analowa. Zithunzi ndinkatumiza zakale zomwe zija. Mapepala atatha, tsiku lina apolisi anandipeza ndikudikira ganyu pamphambano, ndipo ulendo wobwerera unayambira pomwepo. Ndinatsika mu Lilongwe ndi kajumbo kamodzi.

Ku Chinsapo ndinasochera. Pamene ndinasiya minda panali nyumba zokhazokha. Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anandilozera geti, n'kutchula dzina la mwana wanga ngati kuti nyumbayo ndi yake. Nditakankha getilo ndinaima. Nyumba inalipo, yamalata, yopaka penti, monga ndinkaionera pa foni. Koma kuyambira pakhonde mpaka kumpanda panalibe dothi ndi pang'ono pomwe. Ponse panali kapinga, wobiriwira, wodulidwa bwino, mwezi wa dzuwa loswa mtengo, m'dera limene madzi amachita kugula pandowa.

Nambewe anatuluka, wonenepa pang'ono, imvi zayamba. Anandikumbatira n'kulira. Ataona kumene ndikuyang'ana anapukuta misozi n'kumwetulira.

"Mwaona, bambo a Yami? Tinkaonera pa zithunzi zanu zija. Tinati mukadzabwera musadzaone kusiyana ndi kumene munazolowera. Mbewu yake Yamikani anachita kukapempha kwa mabwana a m'tauni."

Ndinatula kajumbo pansi n'kupitiriza kuyang'ana kapinga uja. Iye ankaganiza kuti ndi chimwemwe.

Masiku oyamba ndinali mlendo wolemekezeka. Abale ankabwera kudzandiona, maso ali pakhomo la kuchipinda kudikira masutukesi. Atazindikira kuti thiransipota sakubwera, maulendo anachepa. Nambewe sanandinyoze, koma anazolowera kulamula yekha, ndipo akafuna kusankha kanthu amafunsa Yamikani. Yamikaniyo tsopano ndi bambo wa ndevu, amakonza mafoni mu tauni, ndipo ndiye amagula ufa pakhomo pano. Amandilemekeza monga mmene umalemekezera munthu amene unangomva mbiri yake.

M'mawa wina ndinadzuka tulo titatha msanga. Ndinapeza khasu kuseri kwa khitchini. Sindinkafuna kuwononga zonse ayi, ndinkangofuna kachigawo kakang'ono pansi pa windo la kuchipinda kwanga, poti ndiikepo kampando, ndisese m'mawa, ndione mizere ya tsache. Ndinali nditazula pang'ono, dothi lofiira litangoyamba kuoneka, pamene chitseko chinatseguka.

"Adadi, mukutani?" Yamikani anatsika pakhonde ndi mswachi m'manja. "Mukudziwa mmene tavutikira ndi kapinga ameneyu? Mami akhala akusenza madzi kukiyosiki zaka zonsezi chifukwa cha inu."

"Ndimangofuna posesa, mwana wanga."

"Posesa? Adadi, pano si kumudzi. Anthu akamadutsa amaima kusirira geti ili. Inu amene mwakhala kunja, ndiye muziyambitsa zachimidzi?"

Ndinkafuna kumuuza za Mayi Nasibeko ndi nkhwani wawo, za Bambo Kamwendo ndi nsapato imodzi, za kumene kapinga wa pa zithunzi uja ndinkamuonera ndikagona. Koma kumbuyo kwake kunali kutaima Nambewe, ndowa ili m'manja, khosi lake litapindika ndi madzi a zaka zonse zija. Ndikanamuuza bwanji kuti ankasenzera chinthu chimene chinandithamangitsa? Ndinakhala chete, monga Mmalawi wa m'gadeni.

Yamikani anatenga khasu m'manja mwanga, osati mwachipongwe, n'kubwezera zidutswa za kapinga m'malo mwake, kuzipondaponda ndi silipasi. Kenako analandira ndowa kwa amayi ake n'kuiika pamapazi anga.

"Ngati mukusowa chochita m'mawa, adadi, muzithirira. Mami apumeko."

Ndiye ndimathirira. Pakhomo pano palibe amene angandiuze tsiku lotuluka, zimenezo n'zoona, ndipo ndinazigwirira ntchito. M'mawa uliwonse matsache a anansi akamamveka kuseri kwa mpanda, ine ndimakhala ndili ndi ndowa, kuyambira pakhonde mpaka kugeti. Odutsa amayamikira kuti chibwerereni ine kapingayu wasintha, akuti zikuoneka kuti bamboyu anakaphunzira kunja. Ndimawavulira chipewa.